Magetsi a rivesi atafa pa galimoto yanga yakale ya manyuwo

Magetsi a rivesi ali ndi vuto limodzi lalikulu: woyendetsa sawaona. Hedilaiti ikafa umadziwa usiku womwewo. Babu la indiketa likapsa, linzake limayamba kuphethira mofulumira kukuuza kuti zinthu sizili bwino. Koma awiri oyera akumbuyowa amatha kufa miyezi, iwe uli phee, mpaka tsiku lomwe udzabwerere m'mbuyo mumdima n'kuona kuti pagalasi pali bii, kapena munthu wapansi adzakudutsire kumbuyo chifukwa palibe chomwe chamuchenjeza kuti galimoto ikubwera.

Yanga ndi ya m'ma 1990, ya petulo, magiya asanu, yokoka ndi matayala akutsogolo. Magetsi ake sanafe kamodzin'kamodzi. Poyamba ankachedwa: ndalowetsa giya, papite kanthawi, kenako ayake. Pambuyo pake anayamba kuyaka pokhapokha ndikakanikiza ndodo ya giya mwamphamvu, ndikangochotsa dzanja n'kuzima. Mapeto ake anangoti zii. Mbiri imeneyi muziisunga, chifukwa mmene chinthu chinafera chimaloza komwe kuli nthenda. Babu likapsa lapsa basi, fyuzi nayonso chimodzimodzi. Chinthu chimene chimamvera dzanja lili pa ndodo ya giya chimakhala pafupi ndi giyabokosi.

Njira yomwe moto umadutsa ndi yaifupi, ndipo pa galimoto zakale mulibe kompyuta pakati. Umachoka ku batire, kudutsa pa kiyi, kufika pa fyuzi, kuchoka apo kupita pa swichi yomangidwa pa giyabokosi. Swichiyo nthawi zonse imakhala yosalumikiza, moto sudutsa. Mukalowetsa rivesi, chitsulo china m'kati mwa giyabokosi chimakankha kamutu kake, njira n'kulumikizika, moto n'kuyenda ndi waya mmodzi wautali mpaka kumbuyo, kumene umagawikana kupita ku mababu awiri. Ukadutsa m'mababu umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi, pa ethi. Ndiye zinthu zoti zingafe ndi zowerengeka: fyuzi, swichi, mababu ndi masoketi ake, mawaya, ethi. Ubwino wake swichi ili pafupifupi pakati pa njirayi, ndipo ili ndi pulagi yoti mukhoza kuzula. Pulagi imeneyo ndi imene inandiuza zambiri.

Musanagwire kalikonse, galimoto ikhale pamalo athyathyathya, handibuleki yokoka, matayala otsekera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Injini isalire. Mumayeza zonsezi kiyi ili pa ON, pamene magetsi a pa dashibodi amayaka onse, osati pa ACC pomwe pamangolira wailesi, chifukwa pa galimoto zambiri magetsi a rivesi salandira moto pa ACC. Anthu ena amasokonezeka pomwepa n'kuganiza kuti moto sukufika pomwe kiyi ndiyo sinafike. Ngati pafunika kulowa pansi, jeke yokha siyokwanira, ikani masitandi. Galimoto ili m'giya ya rivesi, munthu ali pansi kapena kumbuyo, wina ali pa kiyi: apa m'pamene ngozi zimachitikira, choncho ine kiyi ndinkaipotokola ndekha.

Nthawi zina injini ikazima rivesi imakana kulowa. Pa magiyabokosi ambiri akale rivesi ilibe synchro, kachipangizo kothandiza mano a magiya kulumana bwino, ndiye mano amatha kukumana mutu ndi mutu. Osalimbana nayo. Pondani kilatchi, lowetsani giya ina kaye, bwererani pa nyutulo, yesaninso.

Ndinapempha alamu anga kuti aime chakumbali kumbuyo aziona magetsi. Ngati muli nokha, imikani galimoto msana uli kukhoma madzulo, kapena tsamiritsani foni ikujambula kanema.

Ndinayamba ndi mababu chifukwa ndi osavuta kufikira. Pali maganizo akuti mababu awiri sangapse tsiku limodzi, ndiye onse akazima vuto si mababu. Ndi zoona kuti sapsa limodzi, koma limodzi likhoza kuti linapsa chaka chatha inu osadziwa, lachiwirili ndiye latsatira dzulo. Awoneni basi. Pa galimoto zambiri za nthawi imeneyo babu lake ndi P21W, la 12V 21W, la kawaya kamodzi m'kati ndi kadontho kamodzi kunsi, ena amalidziwa ndi nambala ya 1156. Musalisokoneze ndi P21/5W la mabuleki, lomwe lili ndi tiwaya tiwiri, timadontho tiwiri kunsi, ndiponso timapini tam'mbali tosalingana msinkhu. Munthu akalikakamiza m'soketi yolakwika zimabweretsa zachilendo zimene zingakuzunguzeni mutu tsiku lonse. Galimoto zina zatsopanoko zimagwiritsa ntchito W16W, lagalasi lokhalokha longobaya. Anga onse awiri tiwaya tinali tathunthu, ngakhale lakumanja galasi lake linali litayamba kuda. Maso amanama, choncho ndinawayesa m'soketi ya indiketa, yomwe pa galimoto yangayi imalandira babu la mtundu womwewo, ndipo onse anaphethira bwinobwino.

Kanthu kena koti mudziwe apa: galimoto zina, makamaka zopangidwira ku Europe, zili ndi nyali imodzi yokha ya rivesi. Mbali inayo, pamalo ofanana, pamakhala nyali yofiira ya m'chifunga. Ngati mbali imodzi ilibe galasi loyera, palibe chimene chafa, inabadwa choncho.

Fyuzi ndinaipeza pansi pa dashibodi. Kawirikawiri magetsi a rivesi sakhala ndi fyuzi yawoyawo. Amagawana ndi zinthu zina, ndipo pachivundikiro pamalembedwa BACK, BACK UP, GAUGE, METER kapena TURN, kutengera wopanga. Zimenezi zimathandiza: ngati geji ya mafuta ndi ya kutentha zikuyenda, ndipo zili pa fyuzi imodzi ndi rivesi, fyuziyo ndi yamoyo. Komabe ndinaiyeza ndi tesita, ija ya kababu m'chogwirira ndi waya wa kachingwe kopanira pa bodi. Fyuzi zapulasitiki zobaya zili ndi timabowo tiwiri pamsana pomwe pamaoneka chitsulo. Kiyi ili pa ON, mugunditse nsonga ya tesita pa kabowo kalikonse. Ikayaka mbali zonse ziwiri, fyuzi ili bwino. Ikayaka mbali imodzi, yapsa. Ikapanda kuyaka konse, moto sukufika pa fyuzi pomwepo, kapena kachingwe kanu sikanagwire chitsulo choyera. Yanga inali yofiira, ya 10A, ndipo inayaka uku ndi uku.

Kwa amene mwapeza fyuzi yakupsa, tamverani pang'ono. Babu la 21W pa 12V limakoka pafupifupi 1.75A, awiri ndi 3.5A. Fyuzi ya 10A siingapse ndi katundu wochepa chonchi popanda chifukwa. Ikani ina ya mlingo womwewo, mtundu wake ukuuzani: yabulawuni 7.5A, yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A. Kenako onani nthawi yomwe ikupsa. Ikapsa mukangopotokola kiyi, shoti ili pakati pa fyuzi ndi swichi, kapena pa zinthu zina zogawana nazo fyuziyo. Ikadikira mpaka mulowetse rivesi, shoti ili kuseri kwa swichi, panjira yopita kumbuyo. Kuikapo fyuzi yaikulu, kapena kukulunga kawaya m'malo mwake, n'kusandutsa waya wa galimoto kukhala fyuzi, ndipo waya ameneyo amadutsa pansi pa kapeti.

Mababu amoyo, fyuzi yamoyo. Tsopano kunali kusaka swichi, ndipo apa ndi pamene panandidyera nthawi, osati poyeza koma popeza chinthucho. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo giyabokosi imakhala m'mbali mwa injini, ndipo swichi kawirikawiri imakhala pamwamba pake kapena kutsogolo, yobisika ndi bokosi la eyafiluta, mapaipi, nthawi zina ndi thileyi ya batire. Pa yokoka ndi kumbuyo giyabokosi ili pansi pa ndodo ya giya, swichi ili m'mbali mwake, ndipo palibe kuchitira mwina koma kulowa pansi. Pali zina zochepa zomwe swichi yake ili patsinde pa ndodo ya giya m'kati mwa galimoto, mukachotsa chikopa chija mumaiona.

Pa giyabokosi pamakhala zinthu zingapo zokhala ndi mawaya, ndiye samalani musazule china. Swichi ya rivesi imaoneka ngati bawuti yonenepa ya makona asanu ndi limodzi, mutu wake wapulasitiki, mawaya awiri. Zina pulagi imalowa pamutu pomwepo, zina zili ndi kamchira ka waya, pulagi n'kukhala chapatali pang'ono pa bulaketi. Cha sipidomita chimakhala kufupi ndi kumene mashafuti amatulukira, ndipo chimakhala ndi chingwe chokhuthala chozungulira m'kati kapena pulagi ya mawaya atatu. Galimoto zina zilinso ndi swichi ya nyutulo yofanana kwambiri ndi ya rivesi. Ngati mwapeza ziwiri zofanana, kuyeza kumene ndikufotokoza m'munsimu kukuuzani kuti iyi ndi iti.

Nditachotsa bokosi la eyafiluta, ndinaiona itakwiririka m'matope akuda a oyilo ndi fumbi, moti makona ake sankaonekanso. Ndinapukuta kaye ndi chiguduli ndi kabulashi. Pulasitiki wa zaka zambiri chonchi, wophikidwa ndi kutentha kwa injini, amathetheka msanga, ndiye kaloko ka pulagi ndinakadina pang'onopang'ono ndi chala chachikulu uku ndikugwedeza pulagiyo, osakoka mawaya. Itatuluka, m'kati mwake munali monyowa ndi oyilo wa giyabokosi, fungo lake lija la ngati mazira owola silisokonezeka ndi la oyilo wa injini. Oyilo ameneyu sanachokere kunja. Anakwera kudzera m'kati mwa swichi, kusonyeza kuti chotchinga chake cham'kati chinali chitatha.

Apa ndiye pali mayeso awiri amene amagawa nkhani yonse pakati. Oyamba: kiyi pa ON, tesita pa mabowo awiri a pulagi ya kumbali ya galimoto, limodzi limodzi. Bowo limodzi liyenera kuyatsa tesita. Langa linayatsa ngwee, kutanthauza kuti kuchokera ku batire mpaka apa zonse zili bwino. Likanapanda kuyaka lililonse, pomwe fyuzi ili yamoyo, ndikanadziwa kuti waya waduka pakati pa bokosi la mafyuzi ndi pulagiyi, ndipo kumbuyo kwa galimoto sindikanapitako n'komwe.

Achiwiri: kulumikiza mabowo awiriwo ndi kawaya kakafupi, kuti moto ulumphe swichi. Giya ili pa nyutulo, sizikufunanso rivesi chifukwa kawayako ndi kamene kakugwira ntchito ya swichi. Kawaya kokhala ndi fyuzi pakati ndi kabwino koposa, ndipo nsonga zake zikhale zopyapyala kuti musatanule mabowo a pulagi, chifukwa mukawatanula mwadzipangira vuto latsopano. Kasakhudzenso chitsulo cha giyabokosi. Nditangobaya, panathetheka kamoto kakang'ono.

"Ayaka alamu!" anakuwa kumbuyoko.

"Onse awiri?"

"Onse, koma lakumanjali likuyaka mwaulesi. Lakumanzere ndiye lili mbee."

Nkhani ya ulesiyo ndinaisunga kaye pambali. Chachikulu chinali chitadziwika: moto ukufika pa pulagi, ndipo ukalumpha swichi ukufika kumbuyo. Wolakwa ndi swichi, kapena chimene chimaikankha. Magetsi akanapanda kuyaka ndi kawaya kaja, swichi ndikanaisiya osaigwira, n'kulondola waya wopita kumbuyo.

Ndisanaimasule ndinaiyeza ili pamalo pake ndi multimeter, kachipangizo koyezera zamagetsi, nditaiika pa ma ohm pomwe imaonetsa ndi kulira njira ikalumikizika, nsonga ziwiri pa timapini take tiwiri. Pa nyutulo iyenera kuonetsa kuti njira ndi yoduka, pa rivesi iyenera kutsika kufika pafupi ndi 0. Yanga pa rivesi inangokhala chimodzimodzi ngati pa nyutulo. Alamu atakanikiza ndodo ya giya mwamphamvu manambala anayamba kuvinavina, kutsika n'kukweranso, osakhazikika. Zinagwirizana ndendende ndi mmene magetsi anafera.

Pomasula pamafunika soketi yaitali kapena sipanala yozungulira, kukula kwake kumasiyana galimoto ndi galimoto, ndiye yezani yanu. Onaninso pomwe swichi yamangidwa. Ikakhala pamwamba pa giyabokosi ngati yanga, palibe chotayika. Ikakhala m'mbali chakumunsi, ikhoza kukhala pansi pa mlingo wa oyilo, ndipo mukangoichotsa oyilo atuluka. Tcherani chotengera, swichi yatsopano ikhale pafupi. Pukutaninso mozungulira musanamasule kuti mchenga usagwere m'bowo.

Nditaitulutsa ndinaiyang'anitsitsa pakuwala. Kunsonga kwake kuli kamutu kachitsulo kozungulira kamene kamalowa ndi kutuluka pa sipuling'i. Kanga kanali katadyeka mbali imodzi, pamalo pozungulira panali pathyathyathya ponyezimira. Apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Nditakadina ndi chala, multimeter inalira, ngati kuti swichi ili bwino. Munthu ukhoza kuibwezera pomwepo n'kunena kuti si imeneyi. Koma chala chimakankha kamutuko mpaka kumapeto, pomwe chitsulo cha m'giyabokosi chimangokakankha mamilimita ochepa, ofanana tsiku lililonse. Kamutu kakadyeka, ndiponso zogundana zam'kati zikapsa ndi kunyowa oyilo, mamilimita amenewo sakwananso. Nditadina pang'onopang'ono ndinaona kuti imalira kumapeto kwenikweni. Yatsopano inkalira kamutu kasanafike n'pakati pomwe. Ndiye kuyeza kodalirika ndi kuja kwa pamalo pake, osati kwa m'manja.

Pogula yatsopano ndinatenga yakaleyo n'kuziika pambali pa inzake. Onani mazinga ngati akufanana, kutalika kuchokera pomwe pamakhala washa mpaka kunsonga, ndi maonekedwe a pulagi. Galimoto za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zimatha kukhala ndi magiyabokosi osiyana, ndiye dzina la galimoto lokha silikwanira. Swichi yaifupi siyatsa. Yaitali ikhoza kuyatsa nthawi zonse kapena kulimbitsa giya polowa.

Washa nayo si yongokongoletsa. Imatseka oyilo, komanso ndi imene imaika mlingo wa kuzama kwa swichi. Ndamvapo ena akulangiza kuti swichi ikatopa ingochotsani washa kuti ilowe mozama. Mwina magetsi ayakadi kwa kanthawi, koma oyilo ayamba kudontha, ndipo kamutu kakhoza kumapanikizana ndi chitsulo chosankha giya. Ine sindingachite zimenezo pa giyabokosi yomwe kukonza kwake kumaposa mtengo wa swichi kutalitali. Ikani washa yatsopano ya makulidwe ofanana ndi yakale. Yambani kumanga ndi zala mpaka ikhale pansi, sipanala ibwere pomaliza. Thupi la giyabokosi ndi aluminiyamu, swichi ndi yobowoka m'kati, ndipo zonse ziwiri sizipirira nkhanza. Ngati muli ndi buku la galimoto yanu ndi sipanala ya toki, ija yoyeza mphamvu yomangira, tsatirani nambala ya m'bukumo.

Pali nthawi zina pamene swichi yatsopano nayonso siyatsa ngakhale kawaya kodumphitsa kakuyatsa. Zikatero onani ngati rivesi ikulowa mokwanira. Mabushi a ndodo ya giya akatha, kapena zingwe zake zikatamuka, dzanja lanu limafika kumapeto koma m'giyabokosi chitsulo chimatsalira pang'ono. Zizindikiro zake ndi ndodo yogwedera kwambiri ndi rivesi yomwe imakonda kudumpha yokha. Muuze wina alowetse giya inu mukuyang'ana pa giyabokosi, kenako kankhani kachitsulo kakunjako ndi dzanja muone ngati kakusunthabe. Kwa zija zomwe swichi ili patsinde pa ndodo, nthawi zambiri imangofunika kuisendeza pa bulaketi yake.

Yanga inayatsa nthawi yomweyo. Ndinatsuka pulagi ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi, kuumitsa, kubaya mpaka kaloko kanati thi. Rivesi kulowa, magetsi kuyaka. Kuchotsa, kuzima.

Kunatsala ulesi uja wa kumanja, ndipo kunena zoona gawo limeneli ndi limene linandiphunzitsa zambiri kuposa swichi. Ndinasinthanitsa mababu, lakumanja kumanzere, lakumanzere kumanja. Ulesi unatsalira kumanja, ndiye si babu. Ndinachotsa babu n'kuyeza ndi multimeter pa kadontho ka pakati pa soketi, nsonga inayo pa chitsulo cha soketi yomweyo. Inaonetsa mavoti opitirira 12. Munthu ukaona nambala imeneyo umati zonse zili bwino. Koma multimeter imakoka moto wochepetsetsa, ndiye ngakhale njira itatsala kaulusi kamodzi ka waya kapena kadzimbiri kongogundana, iyo ionetsabe 12V. Zili ngati mlatho wa mtengo umodzi: wapansi awoloka, koma ngolo siingadutsepo. Babu la 21W ndiye ngoloyo. N'chifukwa chake pa magetsi a galimoto yakale ndimakhulupirira kwambiri tesita ya kababu, ndipo multimeter ndimaigwiritsa ntchito babu lili m'malo mwake likuyaka.

Alamu ndi amene anaona chizindikiro china. Ndili pa rivesi ndinaponda buleki mwachizolowezi.

"Tapondaninso alamu. Mukaponda, loyerali likuzimiratu, ndipo ka indiketa kakumanja kakuyaka pang'ono."

Magetsi a mbali imodzi akayamba kulowererana chonchi, wina kuyaka pomwe sanaitanidwe, wina kuzima mnzake akayaka, pafupifupi nthawi zonse ndi ethi. Mababu onse a m'nyali imodzi amagawana njira imodzi yobwerera. Njirayo ikatsekeka, moto umafunafuna potulukira, n'kubwerera kudzera m'tiwaya ta mababu ena. Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Ndinatenga waya wautali, mbali imodzi pa bawuti yoyera ya bodi, inayo kugunditsa pa chitsulo cha soketi babu likuyaka. Linawala mbee nthawi yomweyo. Ndi multimeter mukhozanso kuona: babu likuyaka, nsonga imodzi pa chitsulo cha soketi, inayo pa bodi yoyera. Ethi yabwino imaonetsa pafupi ndi 0, mwina 0.1V kapena 0.2V. Yanga inkaonetsa mavoti angapo athunthu, amene ankathera pa dzimbiri m'malo mothera m'babu.

Ndinalondola waya wa ethi kuchokera pa nyali mpaka kuseri kwa kapeti ya m'buti. Unathera pa kabawuti kamodzi, ndipo pamalopo panali pofiira ndi dzimbiri, kamphete ka waya kali biriwiri. Pansi pake panali chinyontho. Labala wa kuseri kwa nyali anali atauma n'kung'aluka, madzi a mvula amalowera pamenepo n'kumadonthera pa bawutiyo. Ndinamasula, kukwecha bodi ndi sandipepala mpaka chitsulo chinawala, kudula kamphete kakale ndi waya wakuda wonse mpaka ndinafika pa kopa wowala, n'kupanira kamphete katsopano. Nditamanga ndinapaka girizi pamwamba kuti chinyezi chisafikepo. Girizi amapita pamwamba mutamanga kale, zitsulo zitagundana zoyera. Labala ndinamusinthanso, apo ayi chaka chamawa ndikanadzakwechanso malo omwewo. M'soketi namonso ndinakwecha kadontho kapakati ndi kukakweza pang'ono kuti kazikanikiza babu, kiyi ili yozimitsa.

Kwa amene kawaya kodumphitsa sikanayatse kalikonse, malo okayikitsa ndi odziwika. Ngati magetsi a rivesi ali pa chitseko cha buti, mawaya ake amadutsa m'kapaipi ka labala pafupi ndi mahinji, ndipo amapindika nthawi iliyonse mukatsegula. Zaka zikachuluka kopa amaduka m'kati chikopa chili chathunthu. Vundukulani labalayo, kokani waya mmodzimmodzi pang'ono, woduka amatamuka ngati mphira. Yesaninso kutsegula ndi kutseka buti magetsi ali oyatsa muone ngati akuphethira. Malo ena ndi pafupi ndi giyabokosi pomwe waya angakhudze ekizozi kapena kukhuzika pa bulaketi, ndi pa mapulagi olumikiza mawaya a kutsogolo ndi a kumbuyo, amene amakhala chakumapazi kapena pansi pa mpando wakumbuyo. Ndipo ngati mwini wakale anaikapo kamera, kabelu kolira pobwerera m'mbuyo, kapena soketi ya ngolo yokoka, yambirani pamenepo. Kawirikawiri amaba moto pa waya wa rivesi, ambiri mongosenda ndi kupota n'kukulunga tepi. Njira yake ndi yomweija ya kugawa pakati: pezani pulagi ya pakati panjira, yezani ndi tesita, mudziwe ngati moto watayika kutsogolo kwake kapena kumbuyo.

Vuto lotembenuka, loti magetsi sakuzima ngakhale muli pa giya yopita kutsogolo, limayezedwa pa pulagi yomweyo. Izuleni. Akazima, swichi yamatirira kapena ndi yaitali. Akapitiriza kuyaka, waya wa rivesi wagundana ndi wina wamoto penapake.

Munthu wina wodziwa zamagetsi, ataona ndikulimbana ndi bokosi la eyafiluta, anandiuza kuti ndisavutike, angondikokera waya n'kuika kaswichi pa dashibodi kuti ndiziyatsa ndekha. Ndinakana. Tsiku lina udzaiwala kuzimitsa, n'kumayenda usiku ukuwalitsa zoyera kumaso kwa amene ali kumbuyo, iye n'kumaganiza kuti ukubwerera. Malamulo a pamsewu m'mayiko ambiri salola nyali yoyera kumbuyo galimoto ikupita kutsogolo. Tsiku linanso udzaiwala kuyatsa pomwe mwana akudutsa. Ntchito yokoka waya watsopano mpaka pa dashibodi ndi yaikulunso kuposa kusintha swichi yeniyeniyo.

Za mababu a LED, ambiri amawakonda chifukwa amawala kwambiri, ndipo pa rivesi alibe vuto la kuphethira mofulumira ngati pa indiketa. Kungoti ena amasankha mbali: mukaika la mtundu wongobaya n'kukana kuyaka, litembenuzeni musanaliweruze. Komanso poti amakoka moto wochepa, amatha kuyaka bwino pa ethi yodwala, vuto n'kubisala mpaka lidzaonekere pa mabuleki. Konzani kaye njira ndi mababu wamba, LED ibwere pambuyo.

Nditabwezera zonse ndinaliza injini, phazi pa kilatchi ndi pa buleki, alamu ataima chakumbali osati kumbuyo kwenikweni. Tinayesa rivesi yokha, rivesi ndi buleki, rivesi ndi magetsi a usiku, rivesi ndi indiketa iliyonse, ndipo palibe nyali inalowerera inzake. Ndinadutsanso magiya onse asanu kuti tione ngati pali ina yoyatsa zoyera molakwika, makamaka yachisanu, imene pa galimoto yangayi ili mzere umodzi ndi rivesi. Nditayenda kaulendo kakafupi ndinapisa chala patsinde pa swichi, panali pouma. Ngati kwa inu panatayika oyilo posintha, musaiwale kubwezeretsa. Galimoto ikhale yowongoka, tsegulani bawuti yothirira ya m'mbali mwa giyabokosi, ndipo pa magiyabokosi ambiri a manyuwo mlingo woyenera ndi pamene oyilo wafika pakamwa pa bowolo. Mtundu wa oyilo onani m'buku la galimoto yanu, chifukwa ena amafuna GL-4, ena GL-5, ndipo alipo ena amene amathiridwa oyilo wa injini kapena wa otomatiki.